Lipoti: hotipuleti yogwira nyesi ndi soketi yopsa m'khitchini ina ku Chibavi, Mzuzu

Dandaulo

Nyumbayi ndi ya lendi, ya zipinda zitatu, ndipo mumakhala banja la anthu asanu. Madandaulo anali awiri. Loyamba, hotipuleti inkagwira nyesi: amayi a m'nyumbamo akakhudza sefuliya kapena thupi la hotipuletiyo, dzanja linkachita dzanzi mpaka m'chigongono, makamaka m'mawa atangokolopa. Anatsindika kuti inkagwira ngakhale chopotokola chake chili pa 0. Lachiwiri, ketulo ikamawira m'khitchini munkamveka fungo longa la usipa wowola. Banjali linali litagamula kale kuti ketuloyo ndiyo yoipa, ndipo linkafuna kugula ina. Bambo a m'nyumbamo ankadzilimbitsa mtima ndi mfundo imodzi, yoti breaker, kachipangizo kodula magetsi akachuluka kupitirira mlingo wake, sinagwepo chilowereni m'nyumbamo.

Inali nyengo yozizira, pamene Mzuzu amadzuka ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, ndipo simenti ya m'khitchini imakhala yonyowa mpaka dzuwa litakwera.

Mmene zinalumikizidwira

Khitchini yonse inali ndi soketi imodzi ya 13 A (ma amp 13) pakhoma, pafupi ndi chitseko. Waya wake ndi wa 2.5 mm², wochokera pa breaker ya 20 A m'bokosi la DB, logawira magetsi m'nyumba. M'bokosimo munali main switch ndi ma breaker okha, mopanda RCD, kachipangizo kodula magetsi akayamba kuthawira kunja kwa njira yake. Pa soketi imodziyo panalowa extension ya mabowo anayi, ya mamita atatu, yodutsa pansi kuseri kwa ndowa za madzi. Pa extension panali filiji, ketulo ya 2200 W, rice cooker ya 700 W, ndi hotipuleti ya mbale ziwiri, ina ya 1000 W ina ya 1500 W. Hotipuletiyo inagulidwa ku Johannesburg, choncho pulagi yake inali ya mano atatu obulungira, ndipo inkalowa kudzera pa adaputa.

Masamu ake ndi achidule. Magetsi amene ESCOM imapereka m'nyumba ndi 230 V pa 50 Hz, ndipo ma amp amene chipangizo chimakoka amapezeka pogawa ma watt ndi 230. Hotipuleti, mbale zonse zikayaka, imakoka 10.9 A. Ketulo imakoka 9.6 A, rice cooker 3 A, filiji pafupifupi 1 A. Pulagi ndi soketi za mano atatu amakona zimene timagwiritsa ntchito m'Malawi, za muyezo wa ku Britain wa BS 1363, zimalekezera pa 13 A, kutanthauza 2990 W. M'mawa uliwonse, phala lili pa mbale ina, madzi osamba pa ina, ketulo ikuwira, pa pulagi imodzi pankadutsa 20.5 A, osawerengera filiji.

Zimene miyezo inaonetsa

Ketulo inalibe mlandu. Element yake, kachitsulo kotenthetsa madzi, inawerenga ma ohm 24 (ohm ndi muyezo wa mmene chinthu chimakanira kudutsitsa magetsi), ndendende zimene 2200 W imayenera kupereka. Kuchokera pa dzino la earth, la waya wopititsa magetsi othawa m'nthaka, kufika pa chitsulo cha m'kati mwa ketulo panali 0.08 ohm, ndipo pa makina a 500 V oyezera insulation, chotchinga magetsi kuti asafike pa thupi la chipangizo, inapitirira 200 MΩ (ma ohm 200 miliyoni). Fungo linkabwera ketulo ikayaka chifukwa ndiyo inkawonjezera katundu womaliza pa waya wolemedwa kale.

Gwero la fungo linali soketi ya pakhoma ndi pulagi ya extension. Bowo la live, waya wobweretsa magetsi, linali lofiirira, pulasitiki yozungulira itang'aluka. Titatsegula tinapeza sikuluu yogwira waya wa live ili yomasuka, mkuwa utada, ndipo kachitsulo kopana dzino la pulagi katafooka ndi kutentha. Apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Kutentha kwa pa malo olumikizira kumakula ndi ma amp kuchulukitsa ndi ma amp omwewo, kuchulukitsanso ndi ma ohm a pamalopo. Sikuluu yomasuka ikangowonjezera 0.1 ohm, pa 10 A pamatuluka 10 W, koma pa 20 A pamatuluka 40 W, zonsezo pa kamalo kosaposa nsonga ya chala. Kutentha kumafooketsa chitsulo chopana, chitsulo chofooka chimawonjezera ma ohm, ma ohm amawonjezera kutentha, ndipo zimangopitirira choncho mpaka pulasitiki itagwira moto. Fungo lija limachokera ku pulasitiki yolimba ya masoketi ikamapsa.

M'pulagi ya extension munalibe fyuzi yeniyeni. Wina anakulunga kawaya ka mkuwa pa fyuzi yakufa n'kuibwezera. Komabe tisanamizane: ngakhale fyuzi yabwino ya 13 A ikanatha kupirira katunduyu. Muyezo wa BS 1362 umafuna kuti fyuzi isaduke kwa mphindi 30 pa 1.6 kuchulukitsa mlingo wake, kutanthauza 20.8 A, ndipo iduke mphindi 30 zisanathe pa 1.9, kutanthauza 24.7 A. Ketulo imawira m'mphindi zinayi kapena zisanu basi. Breaker ya 20 A nayo siigwa pa 22.6 A kwa ola lathunthu, ndipo pa 29 A imaloledwa kutenga mpaka ola. Choncho kusagwa kwa breaker kumene bambo ankadalira sikunkasonyeza kuti zinthu zili bwino. Breaker imaikidwa kuti iteteze waya wa m'khoma, ndipo waya wa 2.5 mm² sunali pa ngozi. Chimene chinali pa ngozi ndi zonse zimene zinali kunja kwa khoma.

Titadula chingwe cha extension tinapezamo mawaya awiri okha, aliyense wa 0.75 mm², woyenera 6 A. Pa mamita atatu, kupita ndi kubwerera, wayayo ali ndi pafupifupi 0.15 ohm, ndipo pa 20.5 A chingwe chokhacho chinkatulutsa kutentha kopitirira 60 W. Khungu lake linali litauma n'kuyamba kuthetheka pafupi ndi pulagi. Mabowo a earth pa extension analipo ndithu, ooneka bwino, koma kuseri kwake sanalumikizidwe ku chilichonse. Chinanso, m'kati mwake live ndi neutral, waya wobwererapo magetsi, zinali zosinthanitsidwa.

Kusinthanitsako ndiko kunafotokoza mawu a amayi aja. Chopotokola cha hotipuletiyi chimadula waya mmodzi yekha, amene amayenera kukhala wa live. Mawaya akasinthana, chimadula neutral: mbale imazizira, nyali yake imazima, koma element yonse imakhalabe ndi magetsi. Titayeza pakati pa thupi la hotipuleti ndi nthaka, chopotokola chili pa 0, makina oyezera magetsi a multimeter anaonetsa 224 V.

Titaitembenuza n'kuchotsa chivundikiro cha pansi, pansi pa mbale yaikulu panali chikhakha cha msuzi wa nyemba ndi phala losefukira, chitapsa mobwerezabwereza mpaka kusanduka khala, komanso mphemvu zakufa. Kachubu koteteza waya wopita ku element kanali katanyenyeka. Khala limadutsitsa magetsi, makamaka likanyowa. Insulation inawerenga 0.04 MΩ, pamene chipangizo cha thupi la chitsulo chimayenera kufika 1 MΩ kapena kuposa. Pa 230 V, ma ohm 40,000 amalola pafupifupi 6 mA (1000 mA ndiyo amp imodzi). Munthu amayamba kumva nyesi cha pa 1 mA. Cha pa 10 mA minofu ya dzanja imayamba kukana kutaya chimene yagwira, ndipo kupitirira 30 mA mtima umakhala pa chiopsezo. Chimene chinkateteza amayiwo ndi chikhakha chokhacho, chifukwa thupi la munthu wa manja onyowa, woponda simenti yonyowa wopanda nsapato, lili ndi ma ohm pafupifupi 1000. Tsiku limene waya ukanakhudza chitsulo mwachindunji, pakanadutsa pafupifupi 230 mA, ndipo breaker ya 20 A sikanamva n'komwe.

Pali chinthu china chokhudza nyengo yathu. M'kati mwa ma element otsekedwa muli ufa wa magnesium oxide, umene umayamwa chinyezi. Hotipuleti imene yakhala masabata osayatsidwa m'khitchini yonyowa imatha kuwerenga insulation yotsika ngakhale ili yabwino, ndipo imakwera element ikatenthedwa. N'chifukwa chake sitigamula pa muyezo umodzi wa chipangizo chozizira.

Njira ya earth

Zipangizo zambiri za thupi la chitsulo zimadalira waya wachitatu kuti magetsi othawa apite m'nthaka osadzera mwa munthu. M'khitchiniyi njirayo inaduka malo atatu. Pa extension tanena kale. Pa adaputa, dzino lalitali lapamwamba linali la pulasitiki, ntchito yake kungotsegula zitseko za soketi. Kunja kwa nyumba, pa chitsulo cha earth chokhomedwa pansi kuseri kwa khitchini, chopanira chinali chitadyedwa ndi dzimbiri, waya akungolendewera m'maudzu.

Earth ikanakhala yolumikizana, 6 mA ija ikanapita m'nthaka, thupi la hotipuleti n'kukhala ndi theka la volt, ndipo palibe akanamva kanthu. Koma chitsulo cha pansi pachokha sichikwanira. Titachikonza chinawerenga ma ohm 85. Live ikakhudza thupi la chipangizo, pa ma ohm 85 pamadutsa 2.7 A yokha, yosatha kugwetsa breaker ya 20 A, ndipo thupilo limangokhala ndi magetsi mpaka wina alikhudze. Chimene chimadula pamenepo ndi RCD ya 30 mA. Iyo imayerekeza magetsi opita pa live ndi obwerera pa neutral, ndipo akasiyana ndi 30 mA imayenera kudula pasanathe 0.3 ya sekondi. M'maganizo athu, nyumba yodalira chitsulo cha pansi koma yopanda RCD ndi nyumba imene waya wake sanathe kuikidwa, kaya eni nyumba akunena zotani.

Zimene zinakonzedwa

Extension ndi adaputa zinadulidwa zingwe n'kutayidwa, kuti wina asazitolenso. Soketi yopsa inasinthidwa, ndipo nsonga za waya zodetsedwa ndi kutentha zinadulidwa mpaka pa mkuwa wowala. Soketi ikapsa, pulagi imene inalimo imasinthidwanso, chifukwa dzino lopsa limawononga soketi yatsopano m'masabata ochepa.

Hotipuleti inapalidwa chikhakha chonse, waya wa ku element anavekedwa kachubu katsopano kosapsa, ndipo cholumikizira cha pulasitiki chinalowedwa m'malo ndi chadothi loumba. Tepi yakuda pamalo otentha chotero imasungunuka, siyoyenera. Itangokonzedwa inawerenga 0.6 MΩ. Itayatsidwa kwa mphindi 30 pa soketi ya earth yabwino n'kuzizira, inapitirira 20 MΩ. Pulagi yobulungira inadulidwa, n'kuikapo ya mano amakona ya fyuzi ya 13 A. Polumikiza, pulagi itatsegulidwa mano akuloza pansi, waya wa bulauni amapita kumanja kumene kuli fyuzi, wa buluu kumanzere, wobiriwira ndi chikasu pamwamba. M'zingwe zakale live ndi wofiira, neutral wakuda, earth wobiriwira. Waya wa earth amasiyidwa wotalikirapo kuti chingwe chikakokedwa akhale womaliza kuzuka, ndipo chopanira chingwe chigwire khungu lakunja, osati timawaya ta m'kati. Mkuwa usaonekere kunja kwa sikuluu.

Eni nyumba anavomera kuwonjezera njira yatsopano: breaker ina ya 20 A, waya wa 2.5 mm², ndi soketi ya hotipuleti yokha. Njira yakale inatsala ndi ketulo, rice cooker ndi filiji, zokwana 13.6 A zikayaka zonse, pa masoketi osiyana. Anthu ambiri amaganiza kuti soketi yapawiri imanyamula 26 A, koma muyezo wake umaiyesa pa 20 A mbali zonse pamodzi, choncho hotipuleti ndi ketulo siziyenera kugawana soketi yapawiri. Masoketi anaikidwa pamwamba pa thebulo lophikira, masentimita osachepera 30 kuchokera m'mphepete mwa sinki ndi mwa hotipuleti. M'bokosi la DB munalowa RCD ya 30 mA, imene poyesedwa inadula pa 0.028 ya sekondi. Ntchito ya m'bokosi la DB ndi ya mmisiri wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'Malawi. Mita ndi zomatira zake ndi za ESCOM, ndipo mmisiri aliyense wofuna kuzitsegula muyenera kumukana.

Zizolowezi zimene banjali linalangizidwa

Chachikulu n'chakuti chilichonse chotenthetsa, kaya hotipuleti, ketulo, ayironi, toaster kapena microwave, chizilowa mwachindunji m'soketi ya pakhoma, chokha. Extension ndi ya wailesi, foni ndi kompyuta. Ikafunika ndithu kwa kanthawi, ikhale ya mawaya atatu a 1.25 mm² kapena 1.5 mm², ya fyuzi, yotambasulidwa yonse, ndipo ma watt a zonse zolumikizidwapo asapitirire 2990. Zolembedwa pa pepala la extension yotchipa n'zosadalirika. Chingwe chopyapyala, chophwatalala kapena chopepuka m'manja nthawi zambiri chimakhala cha mawaya awiri, ndipo mmisiri amatsimikizira m'mphindi imodzi poyeza pakati pa dzino la earth ndi bowo lililonse.

Pulagi imadziulula yokha. Chipangizo chikagwira ntchito mphindi khumi, zimitsani pakhoma n'kukhudza msana wa pulagi. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa pa ketulo kapena hotipuleti. Ikatentha moti chala sichingakhalepo, kapena ikamagwedera m'soketi, ikamathetheka, ikasintha mtundu, isagwiritsidwenso ntchito mpaka itaonedwa. Pozula gwirani pulagi yeniyeniyo, chifukwa kukoka chingwe ndiko kumamasula masikuluu a m'kati. Fyuzi ikaduka ilowe ina ya mlingo woyenera: 3 A, yofiira, pa zipangizo zosapitirira 700 W zopanda mota yaikulu, ndi 13 A, ya bulauni, pa zotenthetsa. Ikadukanso, vuto lili m'chipangizo.

Mapulagi a mano awiri obulungira amene anthu amawakakamiza m'soketi potsegula chitseko ndi kiyi kapena kamtengo amakulitsa mabowo, ndipo pulagi yoyenera ikadzalowa imakhala yogwedera. Aduleni, muike pulagi ya fyuzi. Chipangizo cha mawaya awiri n'chololedwa pokhapokha ngati pa chikwangwani chake pali chizindikiro cha kabokosi m'kati mwa kabokosi kena, chosonyeza kuti chili ndi insulation yapawiri. Ma blender ambiri ndi otero. Hotipuleti ya chitsulo yokhala ndi mawaya awiri siyoyenera kulowa m'nyumba. Mawaya osenda olowetsedwa m'soketi ndi timitengo ta machesi sitiwakambirana n'komwe. Pa zipangizo za pa kaunjika werenganinso chikwangwani: cholembedwa 110 V kapena 120 V n'cha ku America, ndipo pa 230 V element yake imatulutsa kutentha kuwirikiza pafupifupi kanayi.

Nkhani ya kuthima kwa magetsi ndi imene imatidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa siifuna chipangizo choonongeka. Magetsi athima ndiwo zili pamoto, wophika asamutsira mphika pa mbaula, chopotokola chatsala pa 6, ndipo madzulo wina aika beseni la pulasitiki kapena kansalu kopukutira mbale pa hotipuleti yozizirayo. Magetsi abwera usiku anthu ali m'tulo. Choncho magetsi akangothima, ntchito yoyamba makala asanakolezedwe ndi kuzimitsa hotipuleti, ayironi ndi ketulo pakhoma. Pamwamba pa hotipuleti pasamaikidwe kanthu ngakhale ili yozizira. Filiji izimitsidwenso, ndipo magetsi akabwera idikire mphindi zisanu kuti compressor, mota ya filijiyo, isadzuke molemedwa, pokhapokha ngati ili ndi fridge guard yochita zimenezo yokha.

Za madzi n'zodziwika koma ndizo zimaiwalika msanga. Ketulo ichotsedwe pa chikhazikiro chake pothira madzi, isadzazidwe kupitirira mzere wapamwamba, ndipo chikhazikirocho chikhale pouma. Chosefukira pa hotipuleti chipukutidwe tsiku lomwelo, itazizira ndiponso itazulidwa pakhoma, osathira madzi. Mphika wa nyemba usadzaze mpaka pakamwa. Wophika avale masilipasi a labala ouma, makamaka atangokolopa, koma masilipasi asakhale chifukwa chopitirizira kugwiritsa ntchito chipangizo chogwira nyesi. Kanyesi kakang'ono pa chitsulo ndi chizindikiro cha mavuto awiri nthawi imodzi, insulation yofooka ndi earth yoduka.

M'khitchinimo tinapezamonso heater ya m'ndowa, imene anyamata a pakhomopo amatenthetsera madzi osamba m'miyezi ya June ndi July. Inali ya mawaya awiri, chogwirira chitang'aluka. Inachotsedwa. Amene ali nayo yabwino aiike m'madzi asanayatse, aizule pakhoma asanaitulutse, ndowa ikhale ya pulasitiki, ndipo chala chisalowe m'madzi kuyesa kutentha heater ili pa magetsi. Ana asayandikire. Microwave isatsegulidwe kuseri ndi munthu wosaphunzira, chifukwa capacitor yake, kachipangizo kosunga magetsi, imagwira ntchito pa ma volt pafupifupi 2000 ndipo imatha kusunga mphamvuyo itazulidwa kale. Buledi akakanirira mu toaster, izulidwe kaye mpeni usanalowemo.

Aliyense m'nyumbamo, ndi mtsikana wothandiza ntchito yemwe, anasonyezedwa pamene pali main switch, ndipo katoni imene inkatchinga bokosi la DB inachotsedwa. Munthu akagwidwa ndi nyesi musamukhudze. Dulani magetsi pa main switch, ndipo ngati ili kutali mukankheni ndi mtengo wouma wa mopu mutaponda pouma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada n'kumapsinja pakati pa chifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akufuna galimoto. Amene anakomoka, wapsa pakhungu, akumva kupweteka m'chifuwa kapena mtima ukugunda mosalongosoka, komanso mayi woyembekezera, apite ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Moto wa pa soketi suthiridwa madzi magetsi asanadulidwe. Mafuta akayaka m'poto, zimitsani pakhoma n'kuvundikira ndi chivundikiro chachitsulo.

Zotsala

Batani lolembedwa T pa RCD lizidinidwa kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo magetsi azidukiratu nthawi yomweyo. Ikayamba kugwa yokha, zulani zipangizo zonse, ikwezeni, n'kumabwezera chimodzichimodzi mpaka cholakwa chidziwike. Kuidumphitsa ndi waya ayi. Ma ohm 85 a chitsulo cha earth anayezedwa nthaka ikadali yonyowa, ndipo amakwera dothi likauma, choncho chiyezedwenso mu October mvula isanayambe. Chikapitirira ma ohm 200 pakhomedwe chitsulo chachiwiri, motalikirana ndi choyamba mtunda wosachepera kutalika kwa chitsulocho, n'kuzilumikiza pamodzi.